Chilonda Chapola, Munthu Sanawongokere: Ukalamba ndi Opaleshoni m'Mapulazi a ku Mashonaland

Chicheŵa chimasiyanitsa zinthu zitatu zimene munthu wachangu angaziyese chinthu chimodzi. Chilonda chimapola, wodwala amachira, koma amene wagona pamphasa nthaŵi yaitali amayamba wawongokera, ndiko kunena kuti mphamvu zimabwerera pang'onopang'ono kufikira atathanso kudzisambitsa, kupita yekha kuseri ndi kugwira mpini wa khasu. Anzathu olankhula Chishona ali ndi mneni wakuti kupora, mbale wake wa kupola wathuyu, ndipo amaugwiritsa ntchito ponena za chilonda ndi za munthu yemwe. Kusiyana kumeneku kungaoneke ngati nkhani ya olemba madikishonale okha. M'pepala lino tifuna kuonetsa kuti pakati pa kupola ndi kuwongokera pagona mbiri ya amuna zikwizikwi ochokera ku Nyasaland, ku Tete ndi kum'maŵa kwa Northern Rhodesia, amene adakalambira m'mapulazi a fodya ndi chimanga a ku Mashonaland. Dokotala ankatha kusoka chilonda. Koma kuwongokera kumafuna zinthu ziŵiri zimene chipatala sichipereka, nyumba ndi wodwazika, ndipo dongosolo la mapulazi lidamana mlendo wokalamba zonse ziŵiri.

Zimene madokotala adaphunzira mochedwa

Poyamba tiyenera kumvana pa zimene zimachitikira thupi la munthu wachikulire akachitidwa opaleshoni yaikulu. Kwa zaka zambiri madokotala a ku Ulaya ankakhulupirira kuti wong'ambidwa ayenera kugona chigonere masabata angapo. Mu 1947 Richard Asher adalemba m'magazini ya British Medical Journal nkhani yochenjeza kuti bedi lenilenilo limadwalitsa: magazi amaundana m'miyendo, chifuŵa chimadzaza makhololo, khungu limanyuka, ndipo minofu imafota. Nthaŵi imeneyo nkuti Marjory Warren atayamba kale, kuchokera mu 1935, kudzutsa ndi kuyendetsa nkhalamba zimene zidaiŵalidwa m'mawodi a chipatala cha West Middlesex. Mu 1963 Sidney Katz ndi anzake ku Cleveland adafalitsa muyeso wa ntchito zisanu ndi imodzi za tsiku ndi tsiku: kusamba, kuvala, kupita kuchimbudzi, kudzuka pogona, kudzigwira mkodzo ndi chimbudzi, ndi kudya. Kuyambira pamenepo funso lofunsa za nkhalamba lidasintha. Sankafunsanso chabe ngati yapulumuka, koma ngati ikutha kuchita zimene inkachita kale.

Kafukufuku wa pambuyo pake adaonetsa kutalika kwa njirayi. Mu 2004 Valerie Lawrence ndi anzake ku San Antonio adalengeza zimene adapeza atatsatira odwala 372 a zaka 60 kapena kuposerapo amene adang'ambidwa pamimba. Kuyenda kunkabwerera mwakale patapita pafupifupi masabata 6, kudzisamalira miyezi 3, ntchito zapakhomo monga kuphika ndi kugula zinthu miyezi 6, pamene mphamvu ya dzanja idali isanabwerere mwa ambiri ngakhale pakutha pa miyezi 6 imeneyo. Mu 2007 Patrick Kortebein ndi anzake adagoneka pabedi okalamba athanzi kwa masiku 10 okha, ndipo minofu ya miyendo yawo idatsika ndi pafupifupi kilogalamu imodzi. Ziŵerengero izi nza ku America, za anthu odya mokwanira. Tizisunge m'mutu, pakuti ulusi wa pachilonda umachotsedwa pakatha sabata imodzi kapena ziŵiri, ndipo nkosavuta kuti mwini ntchito aŵerenge tsiku limenelo ngati tsiku lochira.

Mmene mlendo adasandukira mtchona

Kuyambira kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900 amuna a ku Nyasaland ankayenda wapansi kudzera ku Tete, kuwoloka Zambezi, ndi kuloŵa m'Southern Rhodesia cha ku Mtoko kapena ku Mount Darwin. Mapulazi oyamba kukumana nawo adali a ku Mashonaland, ndipo ambiri amene ankalinga ku migodi ya kummwera adathera pomwepo. Komiti ya Travers Lacey idapeza mu 1935 kuti amuna pafupifupi 120,000 adali kunja kwa Nyasaland, ndiye kuti oposa mmodzi mwa amuna anayi alionse, ndipo idadandaula za kuchuluka kwa matchona, anthu osabwereranso. Mu 1936 maboma a Southern Rhodesia, Northern Rhodesia ndi Nyasaland adapangana ku Salisbury za kayendetsedwe ka antchito ameneŵa. Kenaka padabwera magalimoto onyamula ofuna ntchito popanda malipiro, otchedwa Ulere, ndipo mu 1946 padakhazikitsidwa bungwe lolemba anthu la Rhodesian Native Labour Supply Commission, limene kwathu lidadziŵika ndi dzina lakuti Mthandizi. Nkoyenera kuti msonkhano wa zilankhulo uone kuti maina onse aŵiriŵa ndi a Chicheŵa, ndipo onse ndi okoma m'khutu.

Nkhondo yachiŵiri ya dziko lonse itatha, fodya wowotcha adalemeretsa Rhodesia. Ku Marandellas, Umvukwes, Banket ndi Trelawney mapulazi adakula, ndipo ku Karoi, Tengwe ndi Centenary kudatsegulidwa ena atsopano. M'zaka za m'ma 1950 antchito oposa theka m'mapulazi a Azungu adali alendo. Eni dziko ankatcha a ku Nyasaland kuti Manyasarandi kapena Mabhurandaya, dzina lochokera ku Blantyre, limene Anusa Daimon adalisandutsa mutu wa kafukufuku wake wa mu 2015.

Lamulo lolamulira moyo wawo lidali la Masters and Servants la mu 1901, limene lidagwira ntchito mpaka nthaŵi ya ufulu mu 1980. Malipiro ankayendera tikiti: kapitao ankachonga tsiku limene munthu wamaliza mgwazo wake, ndipo mwezi unkakwana masiku ochongedwa akafika 30. Tsiku lodwala silinkachongedwa. Phoso la ufa, nyemba ndi mchere linkapita kwa wogwira ntchito, ndipo nyumba ya pakomboni, ngakhale adaimanga yekha ndi mitengo ndi dothi, idali pa nthaka ya bwana. Mshona wogwira pa pulazi lomwelo akakalamba kapena akadwala adali ndi mudzi wake ku malo osungidwira anthu akuda, amene lamulo la Land Apportionment la mu 1930 lidadula. Malowo adali ouma ndi opanikizana, komabe kudali mphasa ndi abale. Mlendo adalibe gawo kumeneko. Penshoni ya okalamba imene boma lidayambitsa mu 1936 sinkaperekedwa kwa anthu akuda. Duncan Clarke, m'buku lake la mu 1977 lonena za chuma cha ukalamba wa Aafirika m'Rhodesia, adaonetsa kuti olemba ntchito ankakolola mphamvu za unyamata nasiyira midzi katundu wa ukalamba.

Mapangano a maboma aja ankayembekezera kuti wantchito adzibwerera kwawo pakatha zaka ziŵiri. Motero dongosolo lonse lidamangidwa poganizira mnyamata, ndipo nkhalamba idalibe malo m'menemo. Akuluakulu adati kwanu nkwanu, mthengo mudalaka njoka. Koma munthu amene wakhala zaka 30 osatumiza kalata, amene mkazi wake adakwatiwa kwina ndipo alongo ake adamwalira, ankaopa kufika pamudzi chimanjamanja koposa kuopa thengo.

Ulendo wa kuchipatala

Matenda ofikitsa mwamuna wachikulire pa mpeni wa dokotala ndi odziŵika m'chigawo chathu chonse. Pali phudzi, pamene thumbo limatulukira pa mpata wa minofu ya m'munsi mwa mimba, ndipo limavutitsa kwambiri osenza zolemera. Pali kupotana kwa thumbo lalikulu, kofala pakati pa amuna achikulire a kum'maŵa ndi kummwera kwa Afirika. Pali kutsekeka kwa mkodzo chifukwa cha kutupa kwa prostate, kuthyoka kwa fupa la m'chiuno, ndiponso zilonda zokalamba za m'miyendo zimene mapeto ake ndi kudula mwendo. Opaleshoni zazing'ono zinkachitika m'zipatala za boma za m'matauni monga Sinoia, Bindura ndi Marandellas, kapena m'zipatala za mishoni monga Howard ku Chiweshe, cha a Salvation Army, ndi Karanda ku Mount Darwin. Zazikulu zinkapita ku chipatala cha Harari mu Salisbury, chimene chidatsegulidwa mu 1958 ndipo lero chimatchedwa Sally Mugabe.

Tikiti lidali ndi mphamvu ngakhale pa tsiku lopitira kuchipatala. Phudzi lokonzedwa pa nthaŵi yake ndi opaleshoni yofatsa. Koma munthu wodziŵa kuti tsiku lililonse logona ndi tsiku losachongedwa amamanga lamba napirira, kufikira thumbo litakanirira ndi kuyamba kuola. Pamenepo amafika kuchipatala usiku, wosanza, wouma thupi, ndipo dokotala amayenera kudula mbali ya thumbo. Nkhalamba yong'ambidwa mwadzidzidzi chotere imagona nthaŵi yaitali ndipo imataya minofu yambiri kuposa yong'ambidwa itakonzekera. Galimoto yopita kutauni idalinso ya bwana. Blair Rutherford, amene adafufuza m'mapulazi a ku Hurungwe m'zaka za m'ma 1990, adalongosola ulamuliro wa papulazi ngati boma la pakhomo: mankhwala, ngongole, galimoto ndi malo ogona zonse zinkatuluka m'dzanja la mwini pulazi ndi mkazi wake, monga chifundo, osati monga mangaŵa. Adalipo alimi amene ankathamangira kuchipatala pakati pa usiku ndi kulipira zonse. Adaliponso amene sankatero, ndipo lamulo silinkasiyanitsa aŵiriŵa.

M'wodi nkhani ya chilankhulo inkayamba. Dokotala ankalankhula Chingerezi, namwino Chishona, wodwala Chicheŵa, Chiyao kapena Chisena. Ndipo chilankhulo chimene wodwalayo adazoloŵera kumva kwa Mzungu chidali Chilapalapa, cholemera m'mau olamula: bwera, nyamula, fulumira. Malangizo a wotuluka m'chipatala safanana ndi lamulo lotere, pakuti ali ndi mbali ziŵiri zooneka ngati zotsutsana: uziyenda tsiku lililonse, koma usasenze katundu kwa masabata angapo. Malangizo otere akadutsa m'kamwa mwa anthu atatu amafupika, ndipo chimatsala ndi liwu limodzi, kupuma kapena kugwira ntchito. Zonse ziŵiri nzoopsa. Wogona chigonere amafota monga adanenera Asher. Wobwerera ku mgwazo amaphula chilonda.

Kubwerera kukomboni

Muyeso wa Katz udalembedwa poganizira nyumba ya bedi, mpando, mpopi ndi chimbudzi chokhalira. Tikaubweretsa pakomboni ntchito iliyonse imalemera kaŵiri. Kudzuka pogona ndiko kudzuka pamphasa yoyalidwa pansi, ndipo munthu wosokedwa pamimba kapena wothyoka chiuno sangachite zimenezi popanda womugwira mkono. Kupita kuchimbudzi ndiko kuyenda mtunda kukafika pa dzenje la anthu ambiri kapena kuthengo, ndi kunyonyomala, kumene kumafuna mphamvu za ntchafu zimene bedi la chipatala ladya. Kusamba kumayamba ndi kutunga madzi. Kudya kumayamba ndi nkhuni. Thupi lopoletsa chilonda limafuna ndiwo zomanga thupi, pamene phoso lidali la ufa. Tingati pakomboni malire a pakati pa kudzisamalira ndi ntchito yolemetsa padalibe: amene sangasenze ndowa sangasambenso.

Kalendala ya fodya idalinso ndi mau ake. Kuyambira nthaŵi yowokera mbande, mvula ikamayamba, kufikira kuthyola ndi kuwotcha, ntchito yonse ndi yoŵerama, yosenza ndi yochezera usiku kusonkhezera moto m'mabalani. Koma nyengo yosankha fodya, m'miyezi yozizira, anthu amagwira ntchito pamthunzi, ndi maso ndi zala. Nkhalamba yodziŵa kusiyanitsa mitundu ya tsamba idali yamtengo wapatali m'nyengo imeneyi ngakhale isathe kusenza kanthu. Choncho wotuluka m'chipatala mu Meyi adali ndi mwai umene wotuluka mu Disembala adalibe. Ntchito zopepuka monga ulonda, kusesa pabwalo, kuŵeta ana a ng'ombe kapena kusamalira dimba la bwana zinkagwira ntchito imene lero amagwira akatswiri olimbitsa ziŵalo: zinkadzutsa munthu m'maŵa, kumuyendetsa pang'ono, ndi kumusungira phoso ndi denga. Palibe amene adazikonza ngati mankhwala, ndipo zidali zochepa kuposa nkhalamba zozifuna. Kupatsidwa ntchito yotere kunkadalira zaka zimene munthu watumikira ndiponso mmene ankamvanirana ndi kapitao.

Tsopano tifike pa wodwazika, amene ndiye phata la nkhani yonse. Kwa Acheŵa, Amang'anja ndi Ayao munthu amadwalira kwa amake. Mwamuna akafooka amabwerera ku mbumba yake, kwa alongo ndi ana a alongo ake, pakuti iye ndiye adali nkhoswe yawo. Mtchona adasiya mbumba imeneyi kutsidya kwa Zambezi. Ngati adakwatira mkazi wachishona, adaloŵa m'mwambo wosiyana, umene ana amatsata bambo ndi mutupo wake, ndipo ukwati umalimba ndi roora, ndiwo malowolo. Kumene malowolo sadaperekedwe, akuchikazi ankatha kutenga mkazi ndi ana. Motero munthu mmodzi ankagwa pakati pa miyambo iŵiri: kwawo ana si ake, kuno alibe mudzi woti anawo autche kwawo. Ambiri sadakwatire nkomwe, kapena adakhala m'maukwati osakhalitsa a pakomboni. Amene adali ndi mkazi, mkaziyo nayenso ankafunika kumunda m'nyengo ya ntchito, ndipo tsiku lodwazika lidali tsiku lopanda malipiro.

Alendo adadzipangira ubale wina. Ochokera kwa mfumu imodzi ankatchulana achimwene ndi kudyera mbale imodzi. Mpingo wa antchito a ku Nyasaland, umene Mbusa T. C. B. Vlok adautumikira ku Salisbury kuyambira mu 1912 ndipo udakhala sinodi ya CCAP mu 1965, udali ndi mipingo yaing'ono m'mapulazi. Ayao adamanga mizikiti. Gule Wamkulu, amene Ashona amamutcha zvigure, adamera dambwe m'mphepete mwa makomboni ambiri, ndipo padali mabungwe a maliro osonkha ndalama mwezi ndi mwezi. Zonsezi nzoyenera kuzilemekeza. Koma tiyeneranso kunena poyera kuti magulu ameneŵa adali amphamvu pa kuika maliro koposa pa kudwazika. Maliro ndi ntchito ya masiku aŵiri ya anthu ambiri. Kudwazika ndi ntchito ya miyezi isanu ndi umodzi ya munthu mmodzi, wophika phala, wochapa zofunda ndi wotaya mkodzo, ndipo ntchito yotere mnzako wa paulendo saichita nthaŵi yaitali.

Pambuyo pa 1980

Ufulu udasintha zambiri. Boma lidaika malipiro ochepetsetsa a madola 30 pamwezi kwa antchito a m'mapulazi, lidalamula kuti olandira ndalama zosafika madola 150 azilandira chithandizo cha kuchipatala mwaulere, ndipo lidayamba kuphunzitsa othandiza pa ntchito yolimbitsa ziŵalo kuti atumizidwe m'zipatala za m'maboma. Mu 1981 bungwe la Save the Children la ku Britain lidathandiza kuyambitsa ku Bindura ntchito yophunzitsa azaumoyo a papulazi, ambiri a iwo amai a pakomboni pomwepo. Ntchito yawo idalunjika pa katemera, kadyedwe ka ana, uchembere, madzi ndi zimbudzi, ndipo mpake, popeza Rene Loewenson ndi ena adapeza kuti ana a m'mapulazi adali m'gulu la onyentchera kwambiri m'dziko lonselo. Nkhalamba yofunika kuyendetsedwa pandodo idali kumapeto kwa mzere. Madera a mapulazi adatsaliranso m'mbuyo pa zipatala zazing'ono, chifukwa makhonsolo ake ankasankhidwa ndi eni malo, ndipo antchito sadaloledwe kuponya nawo voti mpaka kumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Penshoni ya NSSA idayamba mu 1994, mochedwa kwa amene adafika pa Ulere.

Kumene ankathera osawongokera kukuoneka m'nyumba zosungira okalamba. Joe Hampson m'buku lake la mu 1982 lonena za ukalamba m'Zimbabwe, ndi Andrew Nyanguru pambuyo pake, adaonetsa kuti ambiri mwa anthu akuda okhala m'nyumba zimenezi adali amuna obadwira kunja, makamaka ku Malaŵi ndi ku Mozambique. Pa Melfort, pamseu wochokera ku Harare kupita ku Marondera, adayesa njira ina: okalamba ankalima ndi kuŵeta pamodzi monga mwa mphamvu zawo. Nzeru imeneyi ndi yomwe ija ya Warren, yakuti nkhalamba imasungidwa ndi kuyenda, koma malo ake adali a anthu oŵerengeka.

Kulanda ndi kugaŵa mapulazi kumene kudayamba mu 2000 kudakhudza antchito oposa 300,000. Lloyd Sachikonye adaŵerengera mu 2003 kuti pafupifupi 200,000 adali atataya ntchito, ndipo olandira minda pakati pawo adali ochepa kwambiri. Pepala lino silikuweruza nkhani ya malo, imene ili ndi mbiri yake yoŵaŵa kuyambira mu 1890. Tingoona kuti boma la pakhomo lija, loipa monga lidalili, lidagwa popanda choloŵa m'malo mwake: galimoto, ulonda wa nkhalamba ndi kachipatala ka papulazi zidapita limodzi. Lamulo la unzika la mu 2001 lidafuna kuti aliyense amene angakhale nzika ya dziko lina akane unzika umenewo mwalamulo, ndipo zikwi za ana a matchona, amene sadaiwonepo Malaŵi, adapezeka olembedwa kuti ndi alendo. Chakumapeto kwa 2008 zipatala zazikulu za mu Harare zidatsala pang'ono kutsekeratu, ndipo ofuna opaleshoni adakhamukira ku Howard, ku Karanda ndi ku Chidamoyo m'boma la Hurungwe. Ku Chidamoyo odwala ankaloledwa kulipira ndi mtedza, chimanga kapena nkhuku. Njira imeneyi idapulumutsa ambiri, koma inkafuna munthu wokhala ndi munda.

Kafukufuku wamkulu wa zotsatira za opaleshoni mu Afirika, amene adafalitsidwa mu 2018, adaŵerenga odwala 11,422 m'maiko 25, napeza kuti oposa aŵiri pa 100 alionse adamwalira, ndipo pakati pa ochitidwa opaleshoni yokonzekera imfa zidaŵirikiza kaŵiri chiŵerengero cha dziko lonse lapansi, ngakhale odwalawo adali achinyamata poyerekeza ndi a maiko olemera. Kuŵerenga kwake kudathera pa chipata cha chipatala. Malamulo aakulu a Zimbabwe a mu 2013, m'gawo 43, adabwezera unzika kwa obadwira m'Zimbabwe amene kholo lawo lidali nzika ya dziko la SADC, ndipo potero adzukulu a matchona adapeza pepala lowatchula eni dziko. Gawo limenelo likunena za obadwira m'Zimbabwe. Nkhalamba yobadwira ku Dedza kapena ku Mangochi, imene idawoloka Zambezi mu 1955, mulibe m'mau amenewo.